A Shawa Atula Pansi Udindo

"Minibasi yonse yamva, atate ake Cynthia. Kuyambira dalaivala mpaka mwana wa kumsana, onse amva."

A Philomena anayankhula mawuwa asanatule n'komwe dengu la kapenta lomwe anabwera nalo kuchokera ku msika wa Masala. Amuna awo, a Zacharia Shawa, anali pakhonde la nyumba yawo ku Pamodzi, mumzinda wa Ndola, kawailesi kali pantchafu, foni ili m'thumba la malaya, akumwetulira ngati munthu amene wangogoletsa chigoli.

"Ngati amva, ndiye bwino. Wailesi nchito yake ni yomweyo."

"Kondakitala wanilozera chala, ati mu Chibemba, 'Bamayo, te balume benu aba?' Kufunsa ngati ali pa wailesi ni amuna anga. Ine nakukanani. Katatu konse, monga Petulo. Tambala chabe ndiye anasowa."

"Munikane, koma chilungamo nakamba."

"Chilungamo chotani? Mwana wanu akwatiwa mwezi uno, imwe muimba foni ku wailesi kuuza migodi yonse kuti miphika ya kwa Shawa siizaponda ku Garneton. Miphika ija munagula ndimwe? Mudziwa na kumene ikhala?"

Gwero la mkanganowu linali Mdala, amene anayambitsa Chipani cha Nyali n'kuchitsogolera kuyambira tsitsi lili bii mpaka lonse litachita mbuu. Masiku amenewo anali atangolengeza kuti watula pansi udindo, akupita kukaweta nkhuku kufamu kwake. Kunena zoona, chipanicho chinali chisanapambaneko ngakhale mpando wa khansala kuno ku Pamodzi, koma phokoso lokha chinali nalo. Mdala atangotula, chinang'ambika pakati ngati thalauza lakale. Ena ankati abwerere, ena ankati apume, mpaka mawu awiriwa anasanduka mayina a magulu. M'mabasi, m'mabawa ndi pa wailesi munalibenso nkhani ina.

A Shawa, amene chipumireni ntchito ya kumgodi analibe munda wina koma ndale, anali a gulu la Abwerere. A Fanwell a ku Garneton, kunja kwa Kitwe, anali a gulu la Apume, ndipo mwana wawo Clive ndiye ankakwatira Cynthia. Azibambo awiriwa anadziwana m'chipani momwemo. Ankagwirizana kwambiri, pakuti a Fanwell ndi Mbemba pamene a Shawa kwawo ndi kum'mawa, ndipo mitundu iwiriyi ili pa chimbuya. Amanyozana mwanthabwala, uyu n'kumati akudya mbewa inu, winayo n'kumati akudya anyani inu, ndipo amene wakwiya ndiye amakhala wolakwa.

"Koma munamva zomwe anayamba kukamba Fanwell?" anafunsa a Shawa akuzimitsa wailesi. "Ati ise akum'mawa tinazolowera kukumba mbewa, una olo ulibe kanthu timangokumbabe. Mdala ni una wopanda kanthu? Pa wailesi?"

"Zaka zonse izi akuitanani wakudya mbewa, imwe museka mpaka misozi. Pa maliro a alamu anu anakuthirani ufa kumutu, munamugulira na mowa. Lero chasintha n'chiyani?"

"Lero ni ndale."

"Ndiye ndale zadya chimbuya?"

A Shawa asanayankhe, Cynthia analowa pageti akuchokera ku sitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito. Maso ake anali ofiira. Anagwada pang'ono kupereka moni, kenaka anayankhula akuyang'ana pansi.

"Bana Clive, apongozi anga, aniimbira foni. Ati ba Fanwell agula loko watsopano. Geti la ku Garneton silizatseguka pa tsiku la chilanga mulilo mpaka atate abweze mawu awo pa wailesi yomweyo."

Chilanga mulilo ndi tsiku limene amayi a kuchikazi amasenza zakudya zamitundumitundu, ng'oma zikulira, kukamuonetsa mkamwini zomwe azidya m'banja lake. Miphika ikafika pageti n'kubwerera yosatsegula, ukwati wathera pomwepo, ndipo mtsikanayo amalozedwa chala mpaka kukalamba.

"Mwamva?" anatero a Philomena. "Kale anali kukamba kuti nkhuyu zodya mwana zipota akulu. Kuno kwathu zodya akulu ndizo zipota mwana."

"Ayambe ndiye kupepesa," anayankha a Shawa, n'kuyatsanso wailesi.

Lamulungu lotsatira, atatuluka ku Misa, komiti ya ukwati inakumana pansi pa mtengo wa mapeyala, omwe kuno amati kotapela, kuseri kwa nyumba. A Shawa ndiwo anali tcheyamani. Utcheyamani ankaukonda ngati mchere: wa nthambi ya chipani, wa kwaya ngakhale saimba, wa mpope wa madzi wa mumsewu wawo. Anatulutsira panja mpando wa khushoni wa pabalaza n'kukhalapo, ena onse ali pa mabenchi ndi pa mphasa. Pambali pawo anaika mulu wa zitenje za chipani, chilichonse chili ndi nkhope ya Mdala akumwetulira pakati pa nyali ziwiri.

"Mfundo zanga ni ziwiri chabe," anayamba motero. "Yoyamba, Fanwell apepese. Yachiwiri, akapepesa, miphika yonse izakulungidwa m'zitenje izi. Akamasula chakudya, ayambe waona nkhope ya munthu amene anamugulitsa."

A Peggy, mlongo wawo wamng'ono amene amagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Masala, anatenga chitenje chimodzi n'kuchitambasula. Pokhala atate aakazi a Cynthia, mawu awo pa ukwatiwu anali olemera, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko.

"Alongo, akwatiwa ni Cynthia olo ni Mdala?"

"Peggy, usaniyankhe monga uli pa msika."

"Nifunsa chabe. Chifukwa zitenje za miphika tinagula kale, zamaluwa. Izi zanu mwina tipukutire matebulo."

Amayi anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. A Shawa anafunsa amene akugwirizana ndi mfundo zawo kuti akweze mkono. Unakwera umodzi, wawo womwe.

Apa ndipo anaimirira. Anamanga mabatani a jekete, anatsokomola, n'kuika dzanja pachifuwa monga momwe anachitira Mdala pa kanema.

"Natumikira banja lino na mtima wanga wonse. Koma pakuti uphungu wanga ulibenso malo, ine Zacharia Shawa natula pansi udindo wa tcheyamani. Za ukwati uno musanifunsenso. Nipita kukapuma."

Anaima chilili, maso ali kumwamba, kudikira kuti wina alire. Kunangomveka nkhuku ikupalasa masamba. Kenaka a Peggy anayamba kuwomba m'manja, amayi ena anatsatira, wina mpaka anaimba nthungululu. Mayi wina wa m'bungwe la Anna Woyera anapempherera tcheyamani wopuma kuti Ambuye amupatse moyo wautali. Pemphero lisanazizire, komiti inali itasankha a Peggy.

"Zikomo pa nchito yanu yabwino, alongo," anatero tcheyamani watsopano. "Manje mpando."

A Shawa anayang'ana mpando wa khushoni uja, n'kuyang'ana mlongo wawo. Anachoka pang'onopang'ono, mapazi akulemera, ndipo asanakhote pakona ya nyumba anamva msonkhano ukupitirira pa nkhani ya nkhuni.

Madzulo ake, pamene a Philomena ankatola makapu, anawapeza amuna awo akusekerera okha.

"Mwasangalala kupuma?"

"Imwe amake Cynthia ndale simuzidziwa. Munthu wamkulu satula udindo kuti apite. Atula kuti amupemphe. Muganiza Mdala afuna nkhuku? Ayembekeza ise tikamugwadire. Na ine wamene, muzaona. Sabata siizatha, Peggy azabwera pa maondo, Fanwell kumbuyo kwake."

"Chabwino. Nizasesa pakhonde kuti maondo awo asadetsedwe."

Kuyambira tsiku limenelo a Shawa ankadzuka m'mawa, kusamba, kuvala jekete ndi tayi, n'kukhala pakhonde kudikira nthumwi. Anthu ankabweradi, koma ankangodutsa. Ena anasenza nkhuni, ena nkhuku zomangidwa miyendo, ena matumba a nsinjiro ndi mizu ya munkoyo yofululira thobwa. Aliyense ankapereka moni waulemu kwa tcheyamani wopuma, n'kupitirira kuseri kwa nyumba kumene kunali kuseka. Tsiku lina galimoto inaima pageti, a Shawa anakonza tayi n'kuvala nkhope yovuta kupempheka. Anali munthu wobweretsa mapoto obwereka, ndipo anawapempha kuti asuntheko miyendo.

Sabata inatha, ina inayamba. Mphepo ya Ogasiti inkawathira fumbi pa jekete, ndipo wailesi yokha ndiyo inkawayankhula. M'menemo ankamva a Boyd, mkulu wa gulu la Abwerere, ndi a Collins, mkulu wa gulu la Apume, akutchulana mayina oti sungawabwereze pamaso pa ana. Kenaka a Boyd analengeza kuti Loweruka kudzakhala basi yaulere yopita kufamu kwa Mdala, kukamugwadira kuti abwerere. Loweruka lake linali lomwelo la chilanga mulilo.

Lachinayi masana Cynthia anabwera ndi tiyi. Anagwada n'kuika kapu pa kampando, koma sanadzuke. A Shawa anakonza tayi. Nthumwi yoyamba inali itafika.

"Atate," anayamba motero mtsikanayo.

"Kugwada gwada, upereke tiyi," anatero a Philomena ali pa zenera la kukhitchini. "Koma kupempha iyai. Mwana sapempha atate ake kuti akhale atate."

"Sinipempha, amama. Nifuna chabe adziwe." Anatembenukira kwa bambo ake. "Atate, nili na mantha. Usiku sinigona. Niona amama na atate aakazi ataima pageti la eni, miphika pamutu, anthu a ku Garneton akujambula na mafoni. Clive wayesa kukamba na atate ake, akana. Ati mawu anakambidwa pa anthu, abwezedwe pa anthu."

A Shawa anamva chisoni, pakuti mwanayu ankamukonda kuposa mpando uliwonse. Mawu oti abweza anafika mpaka pammero. Koma anakumbukira kuti anthu a m'basi adzati Shawa wagonja kwa Apume, ndipo mawuwo anabwerera m'mimba.

"Usadandaule, mwana wanga. Loweruka tikamubweza Mdala. Akabwerera, chipani chizakhala chimodzi, Fanwell azachita manyazi, geti lizatseguka lokha."

"Mdala adziwa dzina langa, atate?"

A Shawa anatenga kapu n'kuyamba kupemerera tiyi, ngakhale sanali wotentha kwenikweni. Cynthia anadikira pang'ono, kenaka anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Loweruka kunacha moto uli lawilawi kuseri kwa nyumba. Amayi anali atagawana ntchito, awa pa chikanda, awa pa nkhuku, awa pa ndiwo zotendera. A Shawa anatuluka atavala malaya a chipani. Anafunafuna zitenje zawo za Mdala kuti akagawire anzawo m'basi, koma sanazipeze, ndipo panalibe amene anali ndi nthawi yowayankha.

"Mupita?" anafunsa a Philomena osatembenuka.

"Nipita kukakonza dziko."

"Mukatsiriza, muzabwere mukonzeko na mpope, udontha."

Basi inadzaza ndi nyimbo kuchokera ku Ndola mpaka kudutsa Kitwe. Famu ya Mdala inali kutsogolo kwa Garneton, mumsewu wafumbi, yozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa wautali kuposa munthu. A Boyd, amene anabwera pa galimoto yawo, anawaika anthu m'mizere kutsogolo kwa geti n'kuwauza kuti agwade, aziimba mokweza, iwo akulowa kukakambirana ndi Mdala. Anthu anagwada pa miyala.

Posakhalitsa inafika basi ina. Anali a gulu la Apume, atabwera kudzamuthokoza Mdala chifukwa chopuma, ndi kuonetsetsa kuti asanyengedwe. Anaima tsidya lina la msewu n'kuyamba nyimbo zotsanzikana nazo, zomwe zimaimbidwa pa maliro. A Collins nawonso analowa kukakambirana. Pamzere wakutsogolo panali a Fanwell, wamfupi, wadazi, chingwe chili m'khosi. Ataona a Shawa, anakoka chingwecho n'kuwaonetsa kiyi wa loko, akumugwedeza ngati belu la pa Misa.

A Shawa anayang'ana kumbali n'kukweza mawu. Tsidya linalo linakwezanso. Dzuwa linakwera, maondo anayamba kuyaka, milomo inauma. Magalimoto onyezimira ankafika, geti n'kutseguka pang'ono, n'kutsekekanso. Anthu otsika m'menemo anali ovala masuti ndi madiresi aatali, ndipo ena ankatsitsa magalasi kuti ajambule anthu ogwadawo. Kenaka mphepo inabweretsa fungo la nyama yowotcha.

"Zokambirana zafika pabwino," anatero munthu wina pambali pa a Shawa. "Apha na ng'ombe."

Dzuwa litapendeka pang'ono, inafika galimoto yonyamula keke yaitali ngati chulu. Kuti ilowe bwino, anatsegula geti mbali zonse ziwiri, ndipo aliyense anaona m'kati. Munali matenti oyera ndi mipando yovekedwa nsalu. Pakati pa bwalo panali Mdala, wathanzi lake, akuvina pakati pa mnyamata ndi mtsikana ovala zaukwati. Kumbuyo kwake a Boyd ndi a Collins, atavala masuti ofanana, anali atakolekana mikono, aliyense botolo lili m'manja.

Chimkuzamawu chinamveka mpaka kumsewu. "Tiwaombere m'manja asebele athu atsopano, ba Boyd na ba Collins, amene lero akwatitsa ana awo. Tithokozenso Mdala potipatsa malo. Ndipo alendo athu, mwadzionera mweka pageti paja. Mabasi awiri, mbali zonse ziwiri, abwera kuzaimbira ana athu. Ndani angakambe kuti chipani chilibe anthu?"

Geti linatsekeka. Nyimbo zonse ziwiri zinafera m'kamwa. Anthu anayamba kudzuka mmodzimmodzi, akusasa fumbi m'maondo, osayang'anana. A Shawa anayesa kudzuka koma miyendo inakana, ndipo anangokhala pansi pafumbi pomwepo. Anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

Mthunzi unawaphimba. Anali a Fanwell, atawoloka msewu. Anaima nthawi ndithu akusisita dazi lawo.

"Mbuya," anatero potsiriza, "una uja mwakumba kuchokera m'mawa. Mwapezamo kanthu?"

A Shawa anakweza maso. Akanakhala dzulo akanalusa. "Mbewa ilimo, yonona. Koma idya pamodzi na anyani anu."

"Awe mukwai, ise anyani a panja sitinalaweko olo fupa."

"Ndiye khalani pansi, asebele. Anyani sasekana zikundu."

Kuseka kunayamba ndi a Fanwell, kenaka kunawagwira onse awiri. Anaseka mpaka kutsokomola, wina atagwira phewa la mnzake, misozi ikulemba mizere pa nkhope zafumbi. Pakati pa kusekako kiyi uja anagunda batani la malaya a a Fanwell, n'kulira. Onse anamuyang'ana, kenaka anayang'ana dzuwa.

"Anakamba kuti miphika ifika nthawi yanji?" anafunsa a Fanwell.

"Ma fotini, thuu koloko masana. Peggy sachedwa."

"Lesa wandi, Mulungu wanga. Ndiye aima pageti kale."

Anathamangira ku mabasi, koma mabasi onse awiri anali atatumidwa m'tauni kukatenga alendo ena a ukwati. Anayamba wapansi, mmodzi akutsimphina, winayo akupuma ngati mvukuto. Mwamwayi inatulukira lole yonyamula manyowa a nkhuku kupita ku madimba a ku Garneton. Kutsogolo kunali kodzaza, choncho azibambo awiri aulemu wawo anakwera kumbuyo n'kukhala pa matumba. A Shawa ankangoona nkhope ya Cynthia atagwada ndi kapu ya tiyi, ndipo ankapemphera kuti miphika isakhale itabwerera.

Atatsika pa mphambano, anamva ng'oma. Anathamanga mpaka pa nyumba ya a Fanwell, kiyi ali kale m'manja, n'kuima kukamwa kuli yasa. Geti linali lokhomabe, loko watsopano ali nganganga pamalo pake. Koma geti lonselo, ndi loko wake yemwe, linali litazulidwa n'kutsamiritsidwa pa mtengo wa mango. Pamene linkakhala panali mpata woti n'kudutsa lole, ndipo mumpatamo munaima amayi awiri, manja ali m'chiuno: a Peggy ndi a Gwen, akazi a a Fanwell.

"Bana Clive," anatero a Fanwell ndi mawu aang'ono, "geti langa."

"Loko wanu sitinamukhudze, bashi Clive. Munakamba kuti asatsegulidwe, ndipo sanatsegulidwe. Muli na kiyi, kamutseguleni pa mango paja ngati mufuna."

Azibambo aja anayesa kulowa, koma amayiwo sanasunthe.

"Ndimwe ndani imwe?" anafunsa a Peggy akugwira mphuno. "Tione makadi. Kuno alowa a banja chabe."

"Peggy, ndine mlongo wako."

"Mlongo wanga anatula pansi udindo. Anati za ukwati uno tisamufunsenso. Tinamupempherera na kumupempherera."

Ng'oma zinaleka. Amayi a mbali zonse ziwiri anayamba kusonkhana kumbuyo kwa a Peggy, ndipo a Philomena anatulukira pakati pawo akupukuta manja. Kudzera pakati pa mapewa awo a Shawa anaona bwalo. Clive anali pampando pakati pa amalume ake, miphika yokulungidwa m'zitenje zamaluwa ili ndandanda patsogolo pake, ina itamasulidwa kale. Pambali panali mulu wa nkhata zomwe amayi anasenzera miphikayo, ndipo pa nkhata yapamwamba a Shawa anazindikira khutu la Mdala ndi theka la nyali. Chapatali pang'ono, pa mphasa, panakhala munthu wofunditsidwa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, alangizi ali mbali ndi mbali.

"Amake Cynthia," anatero a Shawa, "nikambireniko."

"Ine? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munali kuyembekeza nthumwi, manje nthumwi ndimwe."

"Nichite bwanji?"

"Zomwe mwachita kuchokera m'mawa. Mwagwadira atate a eni pa miyala mpaka dzuwa kupendeka. Maondo afewa kale, pano ni pa mchenga chabe."

A Shawa anayang'ana a Fanwell. A Fanwell anali atayamba kale kupinda miyendo. Anagwada onse awiri pamene panali geti, wina malaya a chipani atamatirira manyowa, winayo kiyi akulendewera m'khosi. Amayi a Chibemba sanataye mwayi. Wina anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi mbale ya ufa, n'kuwathira a Shawa kumutu mpaka anayera ngati mzukwa. Amayi akum'mawa anabwezera pa dazi la a Fanwell, ndipo a Peggy anawalonjeza kuti awasungira kamphika ka mbewa, adya okha pamaso pa anthu.

Kuseka kutachepa, a Shawa anayankhula, ndipo mawu awo sanali a pa wailesi aja.

"Mawu ananiipira pa anthu, niwabweza pa anthu. Miphika ya kwa Shawa yafika ku Garneton, ndipo yafika bwino popanda ine. Utcheyamani sinifuna, Peggy aukwanitsa. Nipempha chabe malo anga kumbuyo kwa mwana wanga."

"Pa wailesi muzabwereza Lolemba, ine nili pambali panu," anatero a Philomena, koma mawu awo anali atafewa.

A Peggy anatembenukira kwa amayi. "Komiti, mwamva pempho. Nkhani ya atate awa tiiweruze monga achitira anzawo. Abwerere olo apume?"

"Apume," anayankha amayi onse pamodzi, akuseka. "Apume, atopa."

"A ku Garneton mukuti bwanji?"

"Apume na mnzake wamene," anatero a Gwen.

A Shawa anayesa kuseka nawo, koma sizinatheke. Anali akuyang'ana pa mphasa paja. Mwambo sulola mkwatibwi kuyankhula pa tsikuli, ndipo iwo anadziwa kuti ngakhale ukanalola, analibe chifukwa chowayankhulira. Anaweramitsa mutu, ufa ukugwera m'maondo.

Chitenje chija chinagwedezeka. Mlangizi wina anayesa kuchigwira, koma mawu anali atatuluka kale, aang'ono, onjenjemera, omveka bwalo lonse.

"Abwerere."

Palibe amene anaseka. A Peggy anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kupatuka panjira. A Shawa anayesa kudzuka, maondo anakananso, ndipo anali a Fanwell amene anawagwira mkono n'kuwaimiritsa.